Strudel ya matcheri, ufa wokoka ndi manja

Kuno ku Vienna, ku Austria, June akamapita kumapeto m'misika mumayamba kupezeka matcheri owawasa aja amawatchula kuti Weichsel, a ku Hungary amati meggy, koma nyengo yake ndi yaifupi zedi, masabata ochepa chabe basi asowa. Ndiye ikafika nthawi imeneyi ine sindichedwa, ndimagula kilo imodzi n'kukaphika kunyumba strudel, chakudya cha mu uvuni cha ufa wokanda wopyapyala wokulungira zipatso mkati, ndipo ufa wake ndimakanda ndekha. Ambiri amangogula mapepala a ufa okonza kale aja m'shopu, sindikunyoza ayi, koma ine ndimati mukakoka nokha ndi manja ndi chinthu china, imakhala yofewa mkati kunja ikuthetheka, ndipo sizovuta mmene anthu amaopera. Chakudyachi n'chakalekale kuno, resipi yakale kwambiri imene imadziwika inalembedwa pamanja mu 1696 ndipo imasungidwa mu laibulale ya mzinda wa Vienna, ngakhale iyoyo inali ya mkaka ndi kirimu osati matcheri.

Ndimayamba ndi ufa chifukwa umafunika upume. Ufa wa tirigu magalamu 250, ukhale wosalala komanso wamphamvu ngati wa buledi, kuno timatenga wolembedwa kuti glatt, ku Hungary ali nawo wakewake amati rétesliszt. Musatenge wa self-raising chonde, apa palibe yisiti kapena baking powder, sitikufuna kuti ufa ufufume. Ndimathira madzi ofunda mamililita 125, mafuta ophikira masipuni aakulu awiri, kamchere pang'ono ndi tiyisipuni imodzi ya viniga. Vinigayo amathandiza kuti ufa uzitamuka bwino osang'ambika msanga, ndipo sumumva n'komwe ikapsa.

Kenako kukanda. Poyamba umamata m'manja ndipo mtima umafuna uwonjezere ufa wina, musatero, pitirizani kukanda mphindi 10 kapena kuposa, umasintha wokha. Ine ndimaunyamula n'kuumenyetsa pa tebulo mwamphamvu kambirimbiri, phwa phwa, mpaka usalale ndipo ukaudina ndi chala uzibwerera pang'onopang'ono. Ukatero ndimaubulungiza, kuupaka mafuta pamwamba ponse kuti usaume, n'kuuvindikira ndi mbale yomwe ndaitsuka ndi madzi otentha kuti ikhale yofunda. Ola lathunthu. Mphindi 30 zimathekanso koma ola ndi bwino, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse abale, ufa wosapuma ukaukoka umabwerera m'mbuyo kenako umabooka, munthu n'kumaganiza kuti alibe luso pamene vuto ndi kupupuluma basi.

Ufa uli mkati mopuma ine ndili pa matcheri. Kuchotsa njere m'kilo yonse ndi ntchito yotopetsa, madzi ake ofiira amathothokera paliponse ndiye valani chovala chakale. Ngati mulibe kachida kochotsera njere, kasitiro kolimba kapena pini ya tsitsi imagwira ntchito. Mukachotsa njere amatsala magalamu 800 kapena chapompo. Ndimawaika mu sefa, pansi ndaika mbale, kuti madzi adonthe, ndipo shuga sindithira pano chifukwa shuga amakoka madzi mu chipatso, mukathira msanga mupeza matcheri akusambira. Amene muli ku UK kapena ku Joni komwe aiwisi owawasa amasowa, a m'botolo aja olembedwa morello ndi omwewo, tengani mabotolo awiri muwakhetse bwinobwino ndipo shuga muchepetse poti amakhala atathiramo kale. Matcheri otsekemera akuda aja odya chabe sindimawakonda mu strudel, ikapsa imangokoma shuga yekhayekha popanda kaukali kaja.

Chinanso ndi nyenyeswa za buledi. Magalamu 100, ndimakazinga mu batala magalamu 50 pa moto wochepa ndikutakasa mpaka zifiirire n'kuyamba kununkhira, kenako kuzisiya zizizire. Izi ndi zimene zimamwa madzi a matcheri mu uvuni, popanda izi pansi pa strudel pamakhala chinyontho, pamaterera. Ena amasakanizako mtedza wa walnut kapena almond wopera, ine ndimaikako kadzanja kamodzi ndikakhala nawo. Batala wina magalamu 80 ndimasungunula ndikuika pambali wopakira.

Tsopano kukoka, pomwe ndimapakonda. Pa tebulo pamafunika nsalu yaikulu yoyera bwino ndipo ine ndimayala chitenje cha kotoni chochapa, chakale chomwe chinasiya kusuluka utoto, chifukwa maluwa ake ndi amene amandiuza ngati ufa wapyapyala mokwanira. Anthu akuno amati uzitha kuwerenga nyuzipepala kudzera mu ufawo. Ndimawaza ufa wouma pa nsalu ponse, kuika mpira uja pakati, kuufutukula ndi mpini wopondera mpaka ukule ngati thireyi, kupakapo timafuta pang'ono. Ndiye ndimavula mphete, izi musaiwale, zikhadabonso zikhale zazifupi. Manja ndimalowetsa pansi pa ufa, zikhatho kuyang'ana pansi, zala zopinda pang'ono, ufawo ukhale pamsana pa manja, n'kumakoka kuchokera pakati kupita kunja pang'onopang'ono uku ndikuzungulira tebulo. Sukoka ndi mphamvu, kulemera kwake komwe kumathandiza, iwe umangoutsogolera. Umaona malo oyera okhuthala ndi malo omwe maluwa a chitenje ayamba kuonekera, ndiye umapita pokhuthalapo. Ukafika m'mphepete umagwira ndi nsonga za zala n'kumakoka mozungulira mpaka ukule pafupifupi masentimita 60 ndi 80. Kabowo kakachitika musade nkhawa ndipo musayese kumata, pokulunga kamabisika. Chofunika ndi kuchita changu chifukwa ufa wopyapyala choncho umauma m'mphindi zochepa, ukauma umasweka, ndiye zonse zija zikhale pafupi musanayambe, windo mutseke.

M'mphepete mumatsala mkombero wokhuthala, ndimaudula ndi sizasi kuzungulira konse. Sinditaya, ndimaduladula n'kuponya mu supu.

Batala wosungunula uja ndimawaza pa ufa ponse, ndi bulashi yofewa kapena kungodonthetsa ndi supuni poti bulashi yolimba imang'amba. Nyenyeswa ndimawaza pa gawo limodzi mwa atatu la kumbali yomwe ndaima, kusiya malo ngati zala zitatu m'mbali. Pamwamba pake matcheri, ndiye pano ndi pomwe shuga amalowa, magalamu 120 mpaka 150 kutengera kuwawasa kwake, osakaniza ndi sinamoni pang'ono. Lawani tcheri imodzi kaye musanathire. M'mbali monse ndimapindira mkati kuti madzi asatulukire kumapeto.

Pokulunga simugwira ufa ndi manja ayi, nsalu ndi imene imagwira ntchito. Ndimanyamula chitenje ndi manja awiri kumbali ya matcheri n'kuchikweza, strudel imagubuduka yokha kupita kutsogolo n'kumadzikulunga, gawo lopanda kanthu lija ndi limene limapanga timizere topyapyala tambirimbiri kunja. Musaithine kwambiri, nthunzi imafuna malo. Ndi nsalu yomweyo ndimaigubuduzira pa thireyi yoyala pepala lophikira, msoko ukhale pansi, ikatalika kuposa thireyi ndimangoipinda ikhote. Pamwamba batala wotsala uja, n'kuboola timabowo tochepa ndi foloko.

Uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 190, shelefu yapakati, mphindi 30 mpaka 35. Pakati pa nthawiyi ndimatsegula kamodzi kupakanso batala. Timadzi tofiira tikatuluka pambali n'kumabwata pa pepala palibe vuto, zimachitika ndithu ndi matcheri. Ikafiira bwino ndimaitulutsa n'kuisiya mphindi 20, mukadula ikadali yotentha kwambiri zamkati zonse zimakhuthuka. Kenako icing sugar pamwamba kudzera mu kasefa, kudula ndi mpeni wamano uja wa buledi, zidutswa zokula ngati zala zitatu. Kuno ena amaikapo kirimu womenya pambali, ine ndimangofuna khofi basi. Idyeni tsiku lomwelo ikadali yofunda, yotsala mawa lake muitenthetse mu uvuni mphindi zochepa, mu microwave imafewa n'kusiya kuthetheka.