Mlandu watha, zikomo Amayi

Abale ndi alongo, mlandu uja watha. Dzulo khoti loona milandu ya pantchito ku Blantyre lagamula kuti anandichotsa ntchito mopanda chilungamo, ndipo lalamula kuti andipatse chipukuta misozi pamodzi ndi malipiro a nthawi imene ndinkadwala. Usiku wonse tulo sindinatione, mutu ukulemera, koma mtima wakana kuti ndidikire mawa. Ambuye Mulungu, Inu nokha mukudziwa kumene mwandichotsa. Ulemu ndi wanu.

Zambiri mukuzidziwa, sindibwereza. Ndinadwala maganizo, ananditengera ku Zomba, ndipo pamene ndinkatuluka kalata inali ikundidikira kunyumba yonena kuti ndinathawa ntchito. Kuthawa! Munthu ali pabedi la chipatala, kalata ya dokotala mchimwene wanga atakapereka yekha ku ofesi kwawo.

Amayi oyandikana nafe nyumba, mwandiletsa kutchula dzina lanu ndipo ndamvera, koma lero mundilole ndinene zimene munachita. Inu munapuma ntchito kalekale, mawondo amakuvutani, panalibe chokukakamizani. Munabwera, munawerenga kalata ija mpaka pansi, kenako munandifunsa kuti, “Mwanangu, iweyo ukufuna chiyani?” Chidwalireni changa palibe anali atandifunsapo funso limeneli. Aliyense ankakambirana za ine ndili pomwepo, wina akuti apite kumudzi, wina akuti kwa sing'anga, wina akuti ntchito aiwale. Inu munafunsa ine, ndipo munadikira mpaka ndinayankha, ngakhale mankhwala ankandilemeretsa lilime masiku amenewo.

Ndinu munandiuza kuti lamulo la ntchito, Employment Act ya 2000, limapatsa munthu miyezi 3 yokha kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule ku ofesi ya leba, ndipo nthawi yanga inali ikutha ine ndikungolira m'chipinda. Munandiwerengera gawo 57, loti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu ntchito, komanso kuti wolemba ntchito ayenera kumva mbali yako asanakuthamangitse. Munandionetsanso gawo 46: ukagwira ntchito miyezi 12, uli ndi ufulu wa tchuthi cha odwala, masabata 4 pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka, bola pakhale kalata ya dokotala. Ndinakufunsani ngati zimenezi zikukhudzanso matenda ngati anga. Munati lamulolo silinasankhe kuti malungo okha ndiye matenda. Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa pamphasa.

Anzanga amene muli pa mankhwala ngati ine, lembani penapake magawo amenewa. Sungani buku lanu lakuchipatala ndi kalata iliyonse, musapereke pepala popanda kutsala ndi fotokope. Zimene zandipulumutsa kukhoti ndi mapepala amene Amayi anandikakamiza kusunga m'jumbo.

Tsiku lokambirana koyamba, woimira kampani sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mchimwene wanga n'kufunsa ngati “wodwalayu” akumva zimene zikukambidwa. Amayi simunakweze mawu. Munangoti, “Mwini nkhani ndi uyu, ali ndi pakamwa, mufunseni.” Ndinalankhula ndekha kuyambira pamenepo mpaka kukhoti. Ndinkaima, kupuma, kumwa madzi, kupitiriza, inu muli pa benchi kumbuyo kwanga. Atayesa kukoka fayilo yanga yonse yakuchipatala kuti aiwerenge pagulu, loya wathu anakana, ndipo ndinu munali mutandichenjeza kale kuti zimene ndinauza adokotala ndi chinsinsi changa.

Loya wanga, zikomo chifukwa cha kuleza mtima. Anamwino ndi madokotala a ku Zomba, munandisamala ndili wosadzizindikira, Mulungu akuwonjezereni mphamvu chifukwa ndinaona ndi maso anga kuchuluka kwa odwala. Achimwene, munasiya geni yanu n'kukhala gadiyani wanga, ndipo tsiku limene achibale ena anabwera ndi chingwe munaima pakhomo n'kunena kuti mlongo wanu samangidwa. Sindidzaiwala. Anzanga a ku MeHUCA, bungwe la odwala maganizo ndi owasamalira, munandionetsa kuti munthu akhoza kumwa mankhwala tsiku lililonse n'kumalera ana, kugwira ntchito, kuimirira pagulu. Amayi a Mvano amene munkabwera ndi ufa ndi nyimbo, zikomo.

Kulinso ena amene tinkadyera limodzi nkhomaliro kuntchito zaka zonse zija. Foni zanu zinasiya kugwira kungomva kuti ndili ku Zomba. Wina anandiona pa msika wa Limbe n'kuwoloka msewu. Lero m'mawa mameseji a “tinkakupemphererani” ayamba kulowa. Ndawawerenga. Sindikusunga mkwiyo, koma ndikudziwa amene anagogoda pakhomo panga.

Chimene chikundipweteka ngakhale pa tsiku lachimwemwe ngati lino ndi anzanga amene ndinawasiya muwodi ndi ena ali kumidzi, opanda munthu ngati Amayi pafupi. Dziko lino lakhala zaka zambirimbiri likuyendera lamulo la atsamunda la 1948, Mental Treatment Act, limene linkaona wodwala ngati munthu wongofunika kumutsekera. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, ndipo ndikuthokoza onse amene anamenyera nkhondo imeneyi. Malamulo oyendetsera dziko athu, pa gawo 19 ndi 20, anaika kale ulemu wa munthu ndi kuletsa tsankho, ndipo Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009. Koma zonsezi ine ndinazimva kuchokera kwa mayi wopuma ntchito pakhonde pake, osati kuntchito, osati pa wailesi. Ndikupempha a Legal Aid Bureau, amene amathandiza osowa loya, ndi a bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission kuti azifika m'mawodi momwemo ndi m'makiliniki a m'maboma, kumene anthu amalandirira jakisoni wa pamwezi, azikauza odwala ndi magadiyani m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao zimene lamulo limawapatsa.

Amayi, ndabwereranso kwa inu. Munandilipirira minibasi ndalama zitandithera, munandikumbutsa mankhwala m'mawa wa tsiku la khoti, munandidzudzula pamene ndinafuna kusiya mlanduwu pakati. Dzulo atamaliza kuwerenga chigamulo ndinatembenuka, ndinakupezani mukupukuta maso ndi chitenje, inu amene simulira wamba. Mayi anga ondibereka anatisiya kale, koma Mulungu sanandisiye wamasiye. Akudalitseni, akuchizeni mawondo amenewo, akusungireni ana anu ndi zidzukulu.

Loweruka musayatse mbaula, ndikubwera kudzaphika ndine. Ndipo mtsikana uja munati naye amuchotsa ntchito atatuluka m'chipatala, mumuuze abwere ndi mapepala ake onse, tidzapite limodzi ku leba Lolemba.