Mmene ndinatsatirira linki yachinyengo mpaka inatsekedwa

Imelo inafika usiku, yonena kuti akaunti yanga itsekedwa ndikapanda kulowetsanso pasiwedi. Dzina la wotumiza linkaoneka labwinobwino. Koma nditaika mausi pa linkiyo osadina, ndinaona kuti adiresi yake ikuthera ndi zilembo ziwiri za dziko limene kampani yotchulidwa mu imeloyo ilibe nalo chochita. Ndikanangoifufuta, koma uthenga womwewo unali utafikanso kwa mayi anga, ndipo iwo anatsala pang'ono kudina. Ndinati iyi yokha sindiisiya.

Ndinayamba ndi kusunga umboni. Mu Gmail ndinatsegula "Show original", n'kukopera zonse zosonyeza kumene uthengawo unadzera ndi nthawi yake. Linkiyo ndinailemba moyamba ndi hxxp m'malo mwa http, kuti woilandira asaidine mwangozi.

Kenako ndinathamangira ku ICANN, bungwe loyang'anira maina a masamba a pa intaneti, poganiza kuti ndiko kuli mwini wa maina onse a pa intaneti. Ndinali nditasochera. ICANN ili ndi mapangano ndi oyendetsa maina ngati .com ndi .org, koma maina a zilembo ziwiri ali m'manja mwa bungwe la dziko lililonse, ndipo bungwelo limadziikira malamulo ake. Kwina amafuna umboni wa yemwe akulembetsa. Kwina aliyense amangotenga dzina, motchipa, osafunsidwa kanthu, ndipo akuba amakhamukira kumeneko.

Apa mpamene pamandipweteka mtima. Tokelau ndi tizilumba titatu ta m'nyanja ya Pacific, tokhala anthu pafupifupi 1,500, koma .tk, zilembo za dziko lawo, inafika pokhala ndi maina oposa 20 miliyoni chifukwa kampani ya Freenom inkawapereka ulere, pamodzi ndi .ml ya Mali, .ga ya Gabon, .cf ya Central African Republic ndi .gq ya Equatorial Guinea. Meta, kampani ya Facebook, inasumira Freenom kukhoti, ndipo mu 2023 kulembetsa kwaulereko kunaima. Eni zilumbazo sanaberepo munthu, koma dzina la kwawo ndi limene linada.

Njira yolondola ndinaipeza pa tsamba la IANA, nthambi ya ICANN, pa Root Zone Database, pamene pamalembedwa bungwe loyang'anira zilembo za dziko lililonse. Kuchokera pamenepo ndinalowa mu WHOIS ya bungwelo, kaundula wosonyeza za kalembetsedwe ka dzina lililonse. Dzina la wolembetsa linali lobisika, koma tsiku lolembetsa linaoneka: masiku anayi okha m'mbuyomo. Panalinso kampani imene inagulitsa dzinalo. Nditafufuza IP adiresi, nambala yosonyeza kompyuta imene tsambalo lili, ndinapezanso kampani yosunga tsambalo pa seva zake.

Onse atatu, bungwelo, wogulitsa dzina ndi osunga seva, ndinawalembera kalata imodzi yaifupi, pa adiresi zawo za abuse, zolandirira madandaulo: linki, tsiku, kampani imene akuba akunamizira, ndi umboni uja. Kukalipa kulibe phindu, wowerengayo amangofuna zoti atsimikize msanga. Ndinadzazanso fomu ya Google Safe Browsing, kuti Chrome ndi Firefox zizichenjeza anthu asanalowe.

Wogulitsa dzina sanayankhe mpaka lero. Osunga seva anachotsa tsambalo patapita masiku awiri. Sabata isanathe mayi anandiimbira kuti kwabweranso ina, dzina lomwelo atangosintha chilembo chimodzi. Ndinawauza kuti, "Musadine, ingonditumizirani." Kalata ija ndinali nditaisunga, ndiye ndinangosintha linki ndi tsiku n'kutumizanso usiku womwewo.