Pamene ndafika ndi chotsikira: tsopano ndikutsika ndi kulemera kwa anthu awiri

Kwa inu amene mwakhala mukutsatira zomwe ndikuphunzira za kugwira ntchito pamalo okwera ndili lende pa chingwe, ulendo uno nkhani ndi ya chotsikira, chida chija ambiri amangochitcha descender. Zokwera ndaziika kaye pambali. Miyezi yapitayi ndakhala ndikuyeserera kutsika mosadukizadukiza, kuima pomwe ndafuna kuima, ndi kukiya chida kuti manja onse agwire ntchito ina. Posachedwapa aphunzitsi andilola kuyamba kutsika ndi chidole cholemera ngati munthu wamkulu, monga zimakhalira populumutsa mnzako amene wakomoka ali lende pa chingwe. Zonsezi zikuchitikira pa nsanja yophunzirirapo, aphunzitsi ali pomwepo, ndipo ndikupempha kuti pasapezeke wina wokaziyesa yekha pa mtengo kapena pa denga chifukwa choti waziwerenga pano.

Chida chomwe ndikuphunzirira ndi I'D S ya Petzl, kampani ya ku Crolles pafupi ndi Grenoble ku France, yomwe inayamba ndi Fernand Petzl, munthu wokonda kulowa m'mapanga akuya. Mkati mwake muli kachitsulo kotchedwa cam. Chingwe chimazungulira pa cam, ndipo ukatsamira ndi thupi lako, cam imatembenuka n'kupana chingwecho, iwe n'kuima. Ukakoka handulo, cam imamasula pang'ono, chingwe n'kuyamba kuyenda. Ukaikoka mopitirira muyeso, monga amachitira munthu akachita mantha, handulo imadumpha ndipo cam imapananso chingwe. Aphunzitsi anandigwiritsako zida zinanso kuti ndione kusiyana. Chitsulo chooneka ngati nambala 8 n'chopepuka ndipo mulibe chosuntha mkati, koma chimapota chingwe, ndipo ukataya chingwe palibe chokuimitsa. Stop, yomwe anthu a m'mapanga amaikonda, imaima ukasiya handulo, koma imayenda ukaifinya, pamene munthu wogwidwa mantha amafinya chilichonse chomwe chili m'manja mwake. Ndinamvetsa tsiku limenelo chifukwa chomwe anthu ogwira ntchito pamalo okwera amasankhira chida chomwe chimaimanso chikakokedwa kwambiri.

Koma chachikulu chomwe chakhazikika m'manja mwanga nyengo ino ndi ichi: liwiro silichokera pa handulo. Handulo ili ngati buleki ya m'manja ya galimoto, umaimasula kuti uyambe kuyenda, koma suyendetsera galimoto ndi iyo. Liwiro lili m'dzanja lamanja, lomwe limagwira chingwe chotuluka m'chida kupita pansi. Dzanja limeneli limakhala cha m'chiuno, kutali ndi chida kuti golovesi lisakokedwere mkati, ndipo silisiya chingwe mpaka handulo itaikidwa pa malo ake okiyira. Ndi dzanja lamanzere ndimatsegula handulo pang'onopang'ono mpaka ndimve kuti kulemera kwanga kwasamukira m'dzanja lamanja, kenako ndimalola chingwe kudutsa m'chikhatho. Munthu akamayendetsa liwiro ndi handulo yokha, amatsika modumphadumpha: kuyenda, kuima mwadzidzidzi, kuyendanso. Kuima kulikonse kotero kumagwedeza pomangira chingwe kumwamba, ndipo chingwe chimatambasuka n'kubwerera, n'kumadzicheka pa mphepete mwa khoma ngati sichinatetezedwe bwino. Ine ndimaona kuti chida chokhala ndi zotetezera zambiri chimafunika kuphunzitsidwa mosamala kwambiri kuposa chosavuta chija, chifukwa chimatha kumubisira munthu kuti dzanja lake silinaphunzire kanthu.

Malire a liwiro omwe amatchulidwa pa zida zimenezi ndi mamita 2 pa sekondi, koma pophunzira sitifikako n'komwe. Chifukwa chimodzi ndi kutentha. Ndinawerengera ndekha kuti ndimvetse: munthu wolemera makilogalamu 80 akatsika mamita 30, mphamvu yokwana majoule pafupifupi 23,500 iyenera kupita kwinakwake, ndipo imasanduka kutentha pamene chingwe chikukhulana ndi chitsulo. Ukatsika pang'onopang'ono, chitsulo chimapeza mpata wotaya kutenthako. Ukathamanga kenako n'kuima, chitsulo chotentha chimakhala chitapana malo amodzi a chingwe. Nayiloni, yemwe amapangira zingwezi, amasungunuka pa madigiri apakati pa 220 ndi 260 malinga ndi mtundu wake, ndipo chizindikiro chake ndi khungu la chingwe lowala ndi lolimba pa malo amene chawauka. Mukakhala awiri pa chida chimodzi, kutenthako kumawirikizanso kawiri.

Chingwe nachonso chili ndi khalidwe lake. I'D S inapangidwira zingwe za mamilimita 10 mpaka 11.5, zosatambasuka kwambiri, za muyezo wa ku Ulaya wa EN 1891 mtundu A, zomwe ziyenera kupirira ma kN (makilonyutoni, poyezera mphamvu yokoka) osachepera 22 zisanamangidwe mfundo. Chingwe chochepa thupi kuposa pamenepo cam siichigwira mokwanira. Chatsopano chimaterera, chakale chotupa ndi fumbi chimayenda mokakamira, chonyowa chimasintha khalidwe pakati pa ulendo. Chinanso chomwe chinandisangalatsa kuchimvetsa ndi kulemera kwa chingwe chomwe chili pansi pako. Chingwe cha mamilimita 11 chimalemera magalamu pafupifupi 80 pa mita, ndiye ukayamba kutsika mamita 100, pali makilogalamu ngati 8 omwe akukoka pansi ndi kukugwirira buleki. Kumwamba umachita kuchikankhira m'chida, koma ukamayandikira pansi thandizo lija limatha ndipo chida chimayamba kuyenda mofewa, nthawi yomwe manja atopa kale. N'chifukwa chake kumapeto kwa chingwe chilichonse timamanga mfundo yoimitsa, kusiya mchira wosachepera masentimita 30.

Ndanena kuti chingwe chilichonse chifukwa zimakhala ziwiri nthawi zonse. Njira yomwe ndikuphunzira ndi ya bungwe la IRATA, lomwe linayamba ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chifukwa cha ntchito za pa nsanja zokumba mafuta pa nyanja. Chingwe chimodzi n'chogwirira ntchito, chinacho n'chodikira ngozi, ndipo chilichonse chili ndi pomangira pakepake. Pa chachiwiricho pamayenda chida chodikira, changa ndi ASAP, chomwe chimatsetsereka chokha n'kugwira chingwe liwiro likachuluka mwadzidzidzi. Muyezo wa EN 12841 umagawa zida zoyenda pa chingwe patatu: mtundu A chodikira, mtundu B chokwerera, mtundu C chotsikira. Chodikiracho ndimachisunga pamwamba, cha pa phewa kapena kupitirira, kuti chingwe choyamba chikati chalephera ndigwe kamtunda kochepa.

Ndisanachoke pa nsanja pali mwambo womwe tsopano manja amauchita asanauzidwe. Ndimaika chodikira poyamba. Ndimalowetsa chingwe m'chotsikira motsatira chithunzi chomwe chili pa chidacho, ndimatseka chivundikiro mpaka chilire, ndimaona kuti carabiner, mphete yachitsulo yotseguka yolumikizira zida, yakiyidwa komanso yaima m'litali mwake. Izi n'zofunika chifukwa carabiner yopirira ma kN opitirira 20 m'litali imatsikira pa ma kN ngati 7 ikakokedwa chopingasa. Kenako ndimatsamira pa chidacho ndikadali womangiriridwa ku nsanja ndi kachingwe kanga kafupi, ndimatsika pang'ono, ndimaima, ndipo ndikaona kuti chagwira m'pamene ndimamasula kachingweko. Mnzanga amayang'ana zanga, ine ndimayang'ana zake. Tsitsi, lamba wa chipewa ndi malaya olendewera zonse zimabisidwa, popeza chida chikameza chimodzi mwa izo sichibweza.

Tsopano za kupulumutsa, komwe mtima wanga uli masiku ano. Zomwe ndikuyeserera ndi kutsitsa munthu yemwe wakomoka ali pa chotsikira chake. Ndimatsika mpaka kufika pambali pake, pamwamba pang'ono, ndimakiya chida changa. Ndimamulumikiza kwa ine pawiri ndisanamasule chilichonse chake. Kolumikizira kafupi kamachokera pa mphete ya pa chifuwa cha harness yake, malamba omwe wavala m'thupi, kupita pa carabiner ya chotsikira changa, kuti kulemera kwake kukhale pa chitsulo, osati m'chiuno mwanga, komanso kuti akhale chowongoka mutu uli m'mwamba. Ndikatero ndimamutsitsa pang'onopang'ono ndi chotsikira chake mpaka kulemera kwake konse kutasamukira pa changa, chingwe chake n'kukhwepa, ndiye ndimachotsa zida zake.

Ndisanakhudze handulo yanga pali chinthu chimodzi chomwe aphunzitsi salola kuti chiiwalike, carabiner yowonjezera buleki. Chingwe chopita ku dzanja lamanja chimadutsa kaye mu carabiner ina kuti chipinde kachiwiri, ndipo kupindako kumachotsa gawo lalikulu la mphamvu yomwe dzanja likanalimbana nayo. I'D S imaloledwa makilogalamu 150 munthu akakhala yekha, ndi 250 populumutsa, koma nambala yachiwiriyo imayenda ndi zofunika zake: buleki yowonjezera, liwiro lochepa, kusagwedeza, ndi wogwiritsa ntchito wophunzitsidwa. Chodikira nacho chiyenera kukhala ndi chochepetsa mphamvu ya kugwa chomwe chinapangidwira anthu awiri.

Tsiku loyamba kutsegula handulo chidole chili pa ine, ndinamva kusiyana nthawi yomweyo. Handulo imalimba chifukwa cam yapana mwamphamvu, ndipo mpata wapakati pa kuima ndi kuyenda umachepa kwambiri. Chingwe chimatambasuka kuposa kale, ndiye kugwedeza kulikonse kumakula. Miyendo imatanganidwa kukankha khoma kuti wovulala asagundike, maso ali pa nkhope yake ndi pa chodikira. Pamenepa palibe nthawi yoganizira dzanja lamanja, liyenera kukhala litazolowera kale. Ndinayamikira miyezi ija yotsika ndekha pang'onopang'ono, yomwe nthawi zina inkaoneka yobwerezabwereza. Panopa ndikutha kufika pansi mosadukiza, kukhazika chidolecho bwinobwino ndisanachimasule. Chomwe ndikufuna kufupikitsa ndi nthawi ya kulumikiza, popanda kudumpha kanthu.

Nthawiyo ndi yofunika chifukwa munthu wolendewera osasuntha mu harness ali pa ngozi ngakhale asanavulale kwina. Minofu ya m'miyendo ikasiya kugwira ntchito, magazi amadikha m'miyendo, ochepa amabwerera ku mtima, ubongo umaperewera, ndipo munthu amakomoka ali chiimire pamene thupi limafuna kugona. Ngati akadali maso, amauzidwa kuti azipalasa miyendo kapena aponde pa kachingwe kopondera. Kale ena ankaphunzitsa kuti wotsitsidwa asagonekedwe msanga, koma mu 2009 bungwe la HSE, loona za umoyo ndi chitetezo pa ntchito ku Britain, litaunika umboni womwe unalipo linalangiza kuti atsitsidwe mwachangu ndipo athandizidwe monga wovulala wina aliyense, kugonekedwa pansi ndi kuonetsetsa kuti akupuma. Ndinakondwa kuti aphunzitsi anatifotokozera zonse ziwiri, chifukwa chiphunzitso chakalecho chikumvekabe pakamwa pa anthu.

Za kusamala zida sindichulutsa. Ndikamaliza ndimayendetsa chingwe chonse m'manja kufunafuna pofewa, potupa kapena powauka, ndimayang'ana cam ngati yadyeka kufika pa chizindikiro chake, ndimayesa ngati handulo ikubwerera yokha. Zida zogwirira ntchito zimaunikidwa mokwanira ndi munthu wodziwa pa miyezi 6 iliyonse ndipo zimalembedwa m'kaundula. Petzl imaika malire a zaka 10 pa zida zake za nsalu ndi pulasitiki kuchokera tsiku lopangidwa, koma kugwa kumodzi kwakukulu kapena mankhwala owononga kutha kupumitsa chida tsiku lomwelo.

Chotsatira pa ndandanda yanga ndi kudutsa mfundo ya pakati pa chingwe ndili ndekha, kenako kupulumutsa munthu yemwe wakomokera pa zida zokwerera. Kumeneko n'kovutirapo, chifukwa mano a chokwerera samasula chingwe kulemera kukadali pamenepo, ndiye wovulalayo ayenera kunyamulidwa kaye pang'ono pogwiritsa ntchito kulemera kwa wopulumutsa. Mu IRATA, kuchoka pa gawo loyamba la satifiketi kupita lachiwiri kumafuna maola 1,000 olembedwa a ntchito ya pa chingwe ndi chaka chathunthu, choncho sindikuthamangira pepala. Amene munadutsa kale pamenepa, ndiuzeni momwe mumaikira carabiner yowonjezera buleki kuti chingwe chisamakhulane ndi kolumikizira ka wovulala, popeza pa ine zikuyandikana kwambiri ndipo ndikufuna kukafunsa aphunzitsi ndili ndi njira zingapo zoti tiyerekeze.