Nsanja ya ku Horyu-ji ilibe masitepe

Kuchokera pasiteshoni ya Horyuji, panjanji ya Yamatoji yochokera ku Osaka, munthu amayenda mphindi pafupifupi 20 kuti afike pakachisi wa Chibuda wa Horyu-ji, ku Japan. Ine ndinafika nditamanga zingwe za nsapato molimba, botolo la madzi kumanja, mtima uli pamwamba pa nsanja ya matabwa ya pakachisipo, ya madenga asanu, yotalika mamita 32, kuti ndikaone chigwa cha Nara ndili m'mwambamo.

Ndinayamba kuizungulira kufuna masitepe. Khomo lililonse mwa makomo anayi lili ndi sefa ya waya, ndipo ukasuzumira mumdimamo umangoona zifaniziro zadothi za m'chaka cha 711. Kumpoto Buddha ali gone, wamwalira, ophunzira ake akulira kukamwa kuli yasa, nthiti zikuwerengeka. Masitepe osaoneka. Ndikuzunguliranso, ana asukulu amene anali pambuyo panga anayesa kuti ndi mwambo, nayamba kundilondola pamzere manja ali pachifuwa. Bambo wina wachikulire, nditamufunsa poyendetsa zala ziwiri m'mwamba ngati miyendo, anangopingasa mikono yake pachifuwa. Ku Japan kutero ndiye kuti ayi, ndipo nkhani yatha.

Nsanjayi siyokwera. Pamwamba pa chipinda chapansicho mulibe zipinda, muli mitanda yokhayokha yolukana. Chenicheni ndi mzati wapakati, shinbashira, wa mtengo wa hinoki umene akatswiri atawerenga mizere yake anapeza kuti unadulidwa m'chaka cha 594. Mwala wake uli mamita atatu pansi pa nthaka, ndipo m'mwalamo muli mphako yosungiramo zopatulika za Buddha. Chodabwitsa n'chakuti mzatiwu susenza madenga asanuwo. Umangodutsa pakati n'kukanyamula chitsulo chakunsonga. Gawo lililonse linangokhazikidwa pa linzake, mitengo yolowetsana m'mabowo mosathina, lapamwamba m'lifupi mwake theka la lapansi. Chivomerezi chikabwera, gawo ili limapendekera uku, linzake uko, mfundo zikukhuzana n'kumeza mphamvu yake. Amene anamanga nsanja yamakono ya Tokyo Skytree ya mamita 634 anabwereka nzeru ya mzatiyi, dzina lomwe.

Musapusitsidwe ndi kadenga kamatabwa kapansi, mokoshi. Si gawo ayi, ndi chotchinga mvula. Pangodya zake pali tiziwanda tosema titasenza denga lalikulu pamsana, maso ali tong'o.

Poti kukwera kwakanika, ndinati ndione zikwakwa. Pachitsulo chakunsongacho anakolekapo zikwakwa zinayi, akuti zoopsezera mphenzi, mdani wamkulu wa nsanja zamatabwa. Vuto ndi madenga: amatambalala kwambiri kuti mvula isafike pakhoma, ndiye ukaima pafupi suona nsonga. Njira yake ndi kutembenuka, kupita kukhonde lozungulira bwalo, kenako n'kuyang'ana. Ine ndinasankha kubwerera chafutambuyo, khosi litathyokera kumsana, mawondo ali gwa, pabwalo la timiyala totereka. Chikwakwa choyamba chitangotulukira, chidendene chinapeza mwala wam'mphepete mwa njira.

Ndinagwa chagada, phi! Botolo lija, chitsekerero chili chosamanga, linandikhuthukira pathalauza, pamalo poipitsitsa. Nyumba ya zaka zoposa 1,300 yapirira zivomerezi ili chilili, ine kugwa dziko lili phee.

Ana aja anandizinga akufunsa "Daijobu?", kutanthauza kuti "Muli bwino?", aphunzitsi awo akuwerama kupepesa ngati andikankha ndi iwo. Sindinafulumire kudzuka, chifukwa pamene ndinagonapo zikwakwa zinkaoneka bwino zedi, pamodzi ndi mphete zisanu ndi zinayi za chitsulocho. Ndinaloza m'mwamba. Anyamata awiri anayang'ana chala changa, nayang'anana, kenako anagona chagada pambali panga ndi mayunifomu awo, aphunzitsi akukuwa.