Lachitatu ku Mabvuku: tsiku limene ndinaitanidwa kusukulu

Ndinadzuka mbandakucha lero chifukwa mlongo wanga anandiimbira foni usiku, kundipempha kuti ndikaonekere kusukulu kwa mwana wake wamkazi wa giredi 5 kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, popeza aphunzitsi analemba kakalata koitanitsa kholo. Iye amagulitsa ndiwo zamasamba ku msika waukulu wa Mbare Musika ndipo sakanatha kusiya malonda, pomwe alamu anga ali kutali ndi ntchito. Ine sindinaone chachilendo, chifukwa ndine mtsibweni wa mwanayo, ndipo kwathu nkhani zotere amazisenza ndi mwini mbumba.

Mlandu wake unali wa pepala limodzi. Pa phunziro la chikhalidwe ana anauzidwa kuti alembe mzere wa makolo awo, kuyambira kwa agogo a bambo awo, kenako atchule mutupo (mfunda kapena chiwongo m'Chishona), mudzi wa kwawo ndi mfumu yakumeneko. Mwana wathu anakafunsa agogo ake aakazi, amene ndi mayi anga, ndipo iwo anamuwerengera mzerewo monga akuudziwira: iye, mayi ake, agogo ake, ndi mayi a agogowo amene anagona ku Dedza. Aphunzitsi anadula mzere wonse ndi cholembera chofiira, nalemba pambali kuti ayambirenso potsata bambo. Anzake ataona, anayamba kumunyogodola kuti ndi mubhurandaya (dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi) wopanda mutupo, ndipo iye anang'amba pepalalo nakana kulembanso. Ndinaliona ndekha pa tebulo, atalilumikiza ndi selotepi, dzina la agogo anga likuonekerabe pansi pa inki yofiira.

Aphunzitsiwo ndi mayi wachitsikana waulemu kwambiri, ndipo sindikuwaimba mlandu. Funso lawo loyamba, m'Chishona, linali lakuti bambo a mwana ali kuti, chifukwa sanamvetse kuti malume angabwere bwanji pa nkhani ya mwana wa eni ake. Ndinawafotokozera kuti pakati pa Achewa mtundu umayendera kuchikazi, kuti mwamuna amatha kukakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, ndiponso kuti ana ndi a mbumba ya mayi awo, motero mwanayo sanalakwitse kanthu koma anayankha molondola funso limene linafunsidwa mwa mtundu wina. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anavomera kuti m'mabuku amene ali nawo banja ndi la mtundu umodzi wokha, lotsata bambo.

Apa mpamene pagona nkhani yonse kwa ine. Boma linabweretsa silabasi yotsamira pa chikhalidwe kuyambira mu 2024, ndipo cholinga chake nchabwino, koma funso nlakuti chikhalidwecho ndi cha yani. Aphunzitsi, pofuna kundisangalatsa, anati pa tsiku la zachikhalidwe tingabweretse zvigure, monga amatchulira Gule Wamkulu kuno, kuti ana adzaonere. Ndinawathokoza, koma ndinawauza kuti gule ali ndi eni ake kudambwe ndipo amatuluka pa maliro, pa chinamwali kapena polonga ufumu, osati chifukwa belu la sukulu lalira. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, komabe zimenezo sizimusandutsa chionetsero. Ndiponso mwana amene wavinidwira tsiku limodzi pa chaka, koma masiku ena onse akudulidwa ndi cholembera chofiira akatchula agogo ake, saona kuti sukulu ikumudziwa. Kulemekeza chikhalidwe cha mwana kumaonekera m'kafunsidwe ka mafunso a tsiku ndi tsiku.

Ndili mu kombi yopita m'tauni masana, ndinkaganizira za m'mene tinapezekera kuno. Bambo anga anachoka ku Nyasaland m'nthawi ya chitaganya, chimene chinakhalako kuyambira 1953 mpaka 1963, anagwira ntchito m'mafamu a fodya, kenako anakhala khukhi m'nyumba za azungu kum'mawa kwa mzinda uno, ndipo ndi anthu otere amene anadzaza Mabvuku ndi Tafara. Kwawo ankawatcha machona, kuno zitupa zathu ankazilemba kuti ndife alendo ngakhale tinabadwira pompano, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife m'malere. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anatibwezera ulemu, chifukwa gawo 6 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa chili poyambirira penipeni pa mndandandawo, ngakhale kuti mwayi umenewo tinaupeza chifukwa cha alifabeti basi. Lamulo la maphunziro, m'mene analikonzeranso mu 2020, limati sukulu iliyonse iyesetse kuphunzitsa zilankhulo zovomerezeka. Mawu akuti kuyesetsa ndi otakasuka kwambiri, moti sukulu ya mwana wathu, imene ili ndi a Phiri, a Banda ndi a Mwale pafupifupi m'kalasi iliyonse, ilibe buku ngakhale limodzi la Chichewa.

Ndiyenera kunena chilungamo kuti ife si eni nthaka mofanana ndi Atonga a ku Binga kapena Asani a ku Tsholotsho, amene makolo awo anali m'dziko lino malire asanalembedwe. Komabe pali zoti tiphunzire kwa iwo. Atonga, amene pafupifupi 57,000 mwa iwo anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za Zambezi pomanga damu la Kariba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, sanadikire kuti wina awakumbukire. Anapanga makomiti awo, analemba okha mabuku a ana, anakakamira kwa zaka zambiri, mpaka Chitonga chinalembedwa pa mayeso a giredi 7 mu 2011. Amaori a ku New Zealand nawonso, ataona kuti chilankhulo chawo chikutha, anayambitsa mu 1982 timasukulu ta mkaka totchedwa kōhanga reo, m'mene agogo ankakhala ndi tiana tsiku lonse akulankhula Chimaori chokhachokha, ndipo mu 1987 boma linachivomereza kukhala chilankhulo cha dziko. Konseku anayamba ndi makolo, boma linabwera pambuyo. Ife tili ndi dzina m'malamulo, koma Chichewa chathu chatsalira kutchalitchi, kumaliro, m'mabungwe othandizana pa zovuta ndi pa wailesi ya National FM, ndipo ine ndemwe ana anga ndimawalankhula Chishona ndikatopa.

Madzulo ndinadzera kwa mayi, ndipo ndinawapeza akusenda maungu pakhonde, mdzukulu wawo atakhala patali pang'ono ngati munthu woyembekezera chilango. Ndinawauza kuti tisanasiyane aphunzitsi anapempha okha kuti munthu wamkulu abwere Lachisanu adzafotokozere kalasi yonse za mbumba ndi unkhoswe, ndipo ana a mitundu ina adzanenenso za kwawo. Mayi anayamba ndi kukana, amvekere iwo sanapite kusukulu ndipo sangakaime pamaso pa aphunzitsi. Ndinawakumbutsa kuti pepala lija analilembetsa ndi iwowo.

"Nanga ndikalankhule chiyani, Chishona changa chokhotachi?" anandifunsa.

"Mukalankhule Chichewa, amayi. Mdzukulu wanuyu ndiye akamasulire."

Mwanayo anadzutsa mutu nati, "Atsibweni, nanga ndikakanika mawu ena?" Agogo ake anamuuza kuti asendere pafupi ayambiretu pompo, ndipo anayamba kumutchulira mayina aja mmodzimmodzi, kuchokera kwa iye mpaka ku Dedza, akumubwezera pamene walakwitsa katchulidwe. Pamene ndinkatsanzika magetsi anali atazima, ndipo ndinawasiya akukangana pa kandulo ngati mawu akuti nkhoswe ali ndi mnzake m'Chishona.