Filimu ya ku Greece yomwe inatigawanitsa mkalasi

Sabata yatha aphunzitsi athu a kosi ya mafilimu anatiikira Alps, ya Yorgos Lanthimos, yotuluka mu 2011, ndiye asayimenti inali yoti tisamangoyang'ana sikirini koma tizionanso mmene anzathu akuilandirira. Ine ndinati aaa izi nzophweka. Ndinadzinamiza.

Nkhani yake ndi ya anthu anayi, nesi, bambo wogwira mu ambulansi, mtsikana wa jiminasitiki ndi kochi wake, omwe amalipidwa ndi mabanja ofedwa kuti azibwera kunyumba kudzakhala mmalo mwa malemu, kuvala zovala zake, kunena mawu omwe ankakonda kunena, ati kuti chisoni chiphweko. Wa ambulansi uja ndiye bwana wagululo ndipo amadzitcha Mont Blanc, dzina la phiri lalitali kwambiri mu mapiri a Alps. Pali malo ena mtsikana wosewera tenisi wachita ngozi yagalimoto, magazi okhaokha, wa ambulansi uja mmalo momulimbitsa mtima akumufunsa kuti ekitala amene amamukonda ndi ndani. Apa kalasi inaphulika kuseka, kenako kunangoti zii anthu atazindikira kuti bamboyo akutolera zoti adzagwiritse ntchito mtsikanayo akafa.

Kope langa ladzadza ndi za kusekako basi. Osewera amayankhula mowuma ngati akuwerenga chidziwitso cha pa notisi bodi, nkhope osasintha olo pang'ono, ndiye mkalasimo ena amaseka mokweza, ena amaseka kenako nkuyang'ana pansi mwamanyazi, mnyamata wina wakumbuyo anangonyamula chikwama nkutuluka tisanafike ndi pakati pomwe. Tsiku lotsatira anatiuza kuti ndi zachipongwe, maliro sasewera nawo. Sindinamutsutse, ndipo mpaka pano ndikuona kuti ali ndi mfundo.

Koma amene anandisokoneza mutu ndi mayi ena achikulire omwe timaphunzira nawo. Filimu yonse sanaseke, anangokhala manja pachifuwa. Pokambirana anati iwo sakuonapo chachilendo, kwathu kuno mwana timampatsa dzina la malemu nkumamutchula kuti agogo, akayenda timati taonani mayendedwe ake enieni aja. Ati kusiyana kwake nkwakuti ife sitilipira munthu, komanso mwanayo timamusiya akule akhale yekha. Anangonena zimenezo nkukhala chete.

Ine ndinalowa ndikuganiza kuti filimuyi ndi ya ofedwa, koma ndinatuluka ndikuganiza za nesi uja, amene akuseweredwa ndi Angeliki Papoulia. Iyeyu akutenga ntchito ya banja la mtsikana wa tenisi mobisa, anzake osadziwa, ndipo chakumapeto akubwererako osaitanidwa, akumutulutsa panja iye akungolakatulabe mawu omwe analoweza ngati tepi yoti yakana kuzima. Pamenepo palibe anaseka. Amene akusowa malemuyo kwambiri si makolo ayi, ndi nesiyo, poti akavula zovala za wina sakudziwa kuti iye ndi ndani.

Ndinawerengako zina madzulo ake. Lanthimos analemba filimuyi limodzi ndi Efthimis Filippou ndipo anawina mphoto ya sikiripiti yabwino pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 2011, izi zinali atatchuka kale ndi filimu yake ina, Dogtooth ya 2009. Olemba za mafilimu amakonda kuika mafilimu a ku Greece ngati amenewa mu thumba limodzi lotchedwa Greek Weird Wave nkumalumikiza ndi vuto la ngongole lomwe linagwira Greece nthawi imeneyo. Mwina nzoona, koma mkalasi mwathu palibe anatchulapo za ngongole, aliyense amakamba za maliro akwawo.

Vuto langa pano ndi ripoti. Aphunzitsi akufuna masamba atatu pofika Lachisanu ndipo ndalemba tsamba limodzi lokha, lonse la mayi aja. Mnyamata anatuluka uja ndamupempha kuti tikhale pansi mawa andiuze bwinobwino pomwe zinamukwana, wavomera bola ndimugulire tiyi.