Ukhondo wa m'ndege: zimene ndimapukuta ndi zimene ndimaopa kwenikweni

Munthu amene akuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kupita ku London kudzera ku Addis Ababa amakhala m'mlengalenga maola oposa 11, ndipo tikawonjezerapo nthawi yodikira pa bwalo la Bole ku Addis Ababa, ulendowo ungamutengere pafupifupi tsiku lathunthu. M'nthawi yonseyi amagwira zinthu zimene anthu mazanamazana azigwira kale, amadya kangapo, ndiponso amakhala phewa ndi phewa ndi anthu amene sakudziwa kumene achokera kapena chimene akudwala. Chiyambire mliri wa Covid-19, ambiri a ife tinazolowera kunyamula sanitaiza ndi tinsalu tonyowa topukutira, ndipo ine ndimachiyamikira chizolowezi chimenechi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti khama lathu lalikulu limathera pamalo pamene ngozi ili yochepa, pomwe malo amene matenda amadutsiradi timawadutsa osaganizako n'komwe.

Anthu ambiri amaopa mpweya wa m'ndege poganiza kuti onse akupumirana mpweya womwewo kuyambira ponyamuka mpaka potera. Zoona zake n'zakuti m'ndege zikuluzikulu zamakono, pafupifupi theka la mpweya limachokera kunja, ndipo theka linalo limadutsa m'zosefera za mtundu wa HEPA, zimene zimagwira 99.97 peresenti ya tinthu ting'onoting'ono touluka, kuphatikizapo timadontho tonyamula mavairasi ndi mabakiteriya. Mpweyawo umasinthidwa maulendo 20 mpaka 30 pa ola limodzi, ndipo umalowera kudenga n'kutulukira m'munsi pafupi ndi mapazi, osati kuyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Palibe ofesi kapena basi imene ndikuidziwa yomwe mpweya wake umatsukidwa chotere.

Koma chitetezo chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha makina a mpweya akuyenda. Mu March 1977, ndege ina imene inali ndi anthu 54 inalephera kunyamuka m'tauni ya Homer ku Alaska chifukwa injini inawonongeka, ndipo inakhala pansi maola atatu makina a mpweya atazimitsidwa, anthu ambiri ali momwemo. Mmodzi mwa iwo anali ndi chimfine champhamvu cha fuluwenza ndipo ankakhosomola. Pasanathe masiku atatu, anthu 72 pa 100 alionse amene anali m'ndegemo anadwala. Nkhani imeneyi ndi yakale, koma imandiphunzitsa kuti nthawi yoopsa kwambiri si pamene ndege ili pamwamba pa mitambo. Nthawi yoopsa ndi ya pamzere wopita kuchipata, ya m'basi yodzaza imene imatitenga kupita pamene ndege yaima, ya m'kanjira kopanikizana pamene aliyense akukweza chikwama chake, ndiponso mphindi zija ndege yatera aliyense n'kuimirira nthawi imodzi zitseko zisanatsegulidwe. Ngati munthu safuna kuvala masiki ulendo wonse, ndimamulangiza kuti aivale m'nthawi zimenezi, chifukwa ndi pamene mpweya wa mnzako umakufika pankhope usanadutse m'sefa iliyonse.

Chachiwiri ndi munthu amene wakhala pafupi nanu. Mu 2018, akatswiri a ku Emory University ndi Georgia Tech ku America anafalitsa zimene anapeza atatsatira mayendedwe a anthu m'maulendo 10 a ndege. Anawerengera kuti munthu wodwala chimfine angapatsire mosavuta amene akhala mzere umodzi kutsogolo kapena kumbuyo kwake ndiponso mipando iwiri mbali iliyonse, pomwe kwa anthu ena onse mwayi wotenga matendawo unali wosafika 3 peresenti. Anaonanso kuti okhala kuzenera sadzuka kawirikawiri ndipo amakhudzana ndi anthu ochepa poyerekeza ndi okhala m'mbali mwa kanjira. N'chifukwa chake ine ndimasankha mpando wa kuzenera ndikapatsidwa mwayi. Komabe malire a mizere amenewa sayenera kudaliridwa kotheratu, pakuti pa 15 March 2003, m'ndege yochokera ku Hong Kong kupita ku Beijing imene munali anthu 120, munthu mmodzi wodwala SARS, nthenda yoopsa ya m'mapapo, anachititsa kuti anthu 22 adwale, ndipo ena mwa iwo anali atakhala mizere ingapo kutali naye.

Tsopano ndibwere pa nkhani yopukuta, imene ndi yofunika ndithu ngakhale kuti siyoyamba pa mndandanda wanga. Ndege ikatera n'kumakonzekera kunyamukanso, oyeretsa amakhala ndi nthawi yochepa kwambiri, moti ntchito yawo yaikulu imakhala kutola zinyalala, kukonza zimbudzi ndi kuyala malamba a pamipando. Kathebulo kopinda kamene mudzaikepo chakudya kangakhale kuti kagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo chikapukutireni, ndipo ena amagonekapo mutu, ena amasiyapo mapepala ominira, pomwe makolo ena amasinthirapo mwana thewera. Mu 2014, ofufuza a ku Auburn University anayesa utali wa nthawi imene tizilombo timakhala ndi moyo pa zipangizo za m'ndege, ndipo anapeza kuti bakiteriya wa MRSA, amene samva mankhwala ambiri, anakhala maola 168 pansalu ya kathumba ka kumbuyo kwa mpando, pomwe bakiteriya wa E. coli O157:H7, amene amatsegula m'mimba, anakhala maola 96 pachotsamira mkono. Maola 168 ndi sabata yathunthu. Kathumba kameneka sikapukutika chifukwa ndi kansalu, choncho ine sindiikamo foni, magalasi kapena chakudya.

Zimene ndimapukuta ndi zolimba zokha: kathebulo mbali zonse ziwiri pamodzi ndi kotsekera kake, zotsamira mikono, chitsulo cha lamba, sikirini ndi mabatani ake, komanso kogwirira chotsekera zenera. Apa pali chinthu chimene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo ndimachiona pafupifupi paulendo uliwonse. Munthu amapukuta mofulumira, kenako amatenga pepala louma n'kuumitsa pamalopo nthawi yomweyo, osadziwa kuti mankhwalawo amafuna nthawi kuti aphe tizilombo. Pamalopo payenera kukhala ponyowa kwa nthawi imene yalembedwa papaketi, imene kwa mitundu ina ndi masekondi 30 ndipo kwa ina ndi mphindi zingapo, kenako paume pokha. Muyeneranso kuwerenga paketiyo musanagule, chifukwa tinsalu topukutira ana timachotsa litsiro koma sitipha tizilombo, ndipo kansalu kamodzi kakayamba kuuma kamangosamutsa majeremusi kuchoka pachotsamira mkono kupita pathebulo. Mpando wansalu musaunyowetse, pakuti mudzangokhala pachinyezi popanda phindu lililonse.

Malo ena amene sitiwaganizira ali pabwalo la ndege penipeni. Pa bwalo la Helsinki-Vantaa ku Finland, akatswiri anatenga zoyesa pa zinthu zosiyanasiyana m'nyengo yozizira ya 2016, ndipo anapeza zizindikiro za mavairasi a chimfine pa theka la mathireyi apulasitiki aja timaikamo foni, lamba ndi nsapato pofufuzidwa ndi achitetezo, pomwe pa zinthu za m'zimbudzi sanapezepo mavairasi amenewa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: zimbudzi zimatsukidwa pafupipafupi poti aliyense amaziopa, koma thireyi imazungulira m'manja mwa anthu tsiku lonse. Munthu sangakane kuigwira, koma angathe kusamba m'manja akangodutsa pamenepo, asanagule tiyi kapena kutikita maso.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse ya zinthu zogwiridwa. Kachilombo kamene kali pathebulo sikalowa m'thupi kudzera pakhungu labwinobwino la chala. Kamadikira kuti chalacho chikafikitse pamaso, pamphuno kapena pakamwa. Kwathu kuno palibe amene amayamba kutema nsima madzi osamba m'manja asanadutse, ndipo ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kudikira. Koma munthu yemweyo akakwera ndege amanyema buledi ndi zala zimene zagwira pasipoti, thireyi, chogwirira cha m'basi ndi lamba, chifukwa palibe amene wabwera ndi jagi ya madzi kudzamukumbutsa. Sanitaiza wokhala ndi alikoholi wosachepera 60 peresenti amathandiza pamenepa, malinga ngati mwathira wokwanira kunyowetsa manja onse mpaka pakati pa zala n'kupakapaka mpaka aume. Botolo lake lisapose mamililita 100, apo ayi achitetezo a m'mabwalo ambiri adzakulandani, ndipo likhale m'thumba la chovala, osati m'chikwama chimene mwakweza pamwamba.

Sanitaiza ali ndi malire ake. Norovirus, kachilombo kamene kamayambitsa kusanza ndi kutsekula m'mimba mwadzidzidzi, safa msanga ndi alikoholi, choncho mukachoka kuchimbudzi palibe chimene chingalowe m'malo mwa sopo ndi madzi kwa masekondi 20. Mukasamba, tsegulani chitseko mutagwira pepala, chifukwa si onse amene analowamo inu musanalowe amene anasamba. Madzi a pampopi wa m'chimbudzimo ndi osambira m'manja okha, si akumwa kapena otsukira mano. Mu 2004, bungwe loona za chilengedwe la ku America la EPA linayesa madzi a m'ndege zoposa 300 ndipo linapeza mabakiteriya a mtundu wa coliform, amene amasonyeza kuti madzi angakhale odetsedwa, pafupifupi m'ndege 15 pa 100 zilizonse, zimene zinachititsa kuti likhazikitse malamulo apadera a madzi a m'ndege. Imwani madzi a m'botolo, ndipo imwani ambiri, pakuti mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri ndipo umaumitsa mphuno ndi kukhosi.

Ife amene tinaona mmene kolera inatipwetekera mu 2022 ndi 2023 tiyenera kudziwa kuti nthenda imeneyi inakwerapo ndege. Mu February 1992, anthu 75 anadwala kolera ndipo mmodzi anamwalira pambuyo pa ulendo wochokera ku Buenos Aires kupita ku Los Angeles, chifukwa cha chakudya chozizira cha zam'nyanja chimene chinakwezedwa ndegeyo itaima ku Lima. Zoterezi sizichitikachitika, koma ndikakhala ndi mwayi wosankha ndimatenga chakudya chotentha. Ndionjezerepo kuti mankhwala aja ogwira ntchito m'ndege amapopera m'kanjira ndege isananyamuke m'mayiko ena ndi ophera udzudzu ndi tizilombo tina touluka, kuti malungo ndi matenda ngati yellow fever asawoloke malire. Saphera majeremusi a pathebulo panu.

Pali mbali ina imene sitikonda kuikamba, ndiyo yakuti nthawi zina wodwalayo ndife eni ake. Tikiti ya ndege ndi yodula, ndipo ndimamvetsa chifukwa chimene munthu wopita kumaliro, kusukulu kapena kuntchito ku Johannesburg sangasinthire ulendo chifukwa cha chimfine wamba. Koma munthu wotere ayenera kuvala masiki ulendo wonse, kukhosomolera m'chigongono, ndi kusunga mapepala ominira m'kathumba kake kapulasitiki, osati m'kathumba ka mpando. Amene ali ndi chikuku, kapena chifuwa chachikulu chimene mankhwala ake sanayambe kugwira ntchito, sayenera kukwera n'komwe mpaka dokotala atamulola, chifukwa m'ndegemo mumakhala makanda osabayitsa katemera, okalamba ndi odwala opita kukalandira chithandizo kunja. Mukafika kumene mukupita, musataye msanga kapepala kokwerera ndege, pakuti pamakhala nambala ya ndege ndi ya mpando. Ngati thupi litatentha kapena mutayamba kukhosomola m'masabata atatu otsatira, muuzeni dokotala mayiko amene mwadutsa ndi tsiku limene munayenda, ndipo mumuonetse kapepalako kuti azaumoyo athe kupeza anthu amene munakhala nawo pafupi.